Nsalu Imene Sinalawe Madzi

Chipinda chosokera cha pasukulupo chinali ndi makina asanu ndi amodzi, matebulo awiri aatali odulirapo nsalu, ndi mabeseni atatu amene ankakhala pansi pa zenera. Ophunzira a sayansi ya zapakhomo a chaka chomaliza analipo makumi awiri ndi anayi. Aliyense anayenera kusoka chovala chimodzi n'kuchipereka Lachisanu pa 21 Juni kuti chichongedwe. Lamulo la m'chipindamo linali lachidule: woyamba kudula nsalu ndiye woyamba kukhala pa makina.

Pakati pawo panali mtsikana amene anzake ankamutcha Sizasi chifukwa cha liwiro la dzanja lake. Dzinalo sanalitole panjira. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankathandiza azakhali ake, mlongo wa bambo ake, amene anali telala wosoka mayunifolomu a ana asukulu. Mtsikanayu ankamaliza kulumikiza kolala anzake akulimbanabe ndi kulowetsa ulusi pa singano.

Lachiwiri pa 4 Juni Sizasi anabwera ndi nsalu ya thonje, mamita anayi, yoyera ya timaluwa ta buluu. Bambo ake anaigula zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, miyezi iwiri asanamwalire, ndipo anauza mkazi wawo kuti adzaivale pa ukwati wa mwana wawo woyamba. Tsikulo tsopano linali pakhomo: achimwene ake a Sizasi ankakwatira Loweruka pa 29 Juni. Poitulutsa m'sutikesi mayi ake anangoti, "Azakhali ako akanasoka, koma ine ndikufuna ndikavale za manja ako."

Tsiku lomwelo aphunzitsi, mayi wa magalasi amene anali ataphunzitsa kusoka zaka makumi awiri, anaika patebulo tinsalu tiwiri ta thonje. Tonse anatidula pa nsalu imodzi, kalikonse masentimita 50. Kamodzi anali atakaviika m'madzi dzulo lake. Atayeza ndi tepi, kouma kaja kanali 50, koviika kaja 47 ndi theka.

"Thonje amalikoka kwambiri poluka, kenaka amalipaka sitachi kuti liwume gwa," anatero. "Likakumana ndi madzi limabwerera mwakale, nsalu n'kufupika. Choncho viikani, yanikani pamthunzi, sitani, kenaka dulani. Madzi ayambe adula gawo lawo, inu mudule pambuyo."

Sizasi anagunda mnzake wokhala naye tebulo limodzi ndi chigongono. "Mayunifolomu onse aja ndasoka ine, sindinaviikepo n'imodzi yomwe. Anabwera ndani kudzadandaula?"

"Kweza dzanja uwauze madamu," anatero mnzakeyo.

"Asiye. Iwo amadziwa za m'buku, ife timadziwa za pamakina."

Zimene ananenazo zinali zoona, koma zinali theka la choonadi. Mayunifolomu aja anali a poliyesitala, nsalu imene madzi saiopsa. Thonje anali asanalidulepo chibadwire.

Mlungu umenewo kunali mitambo, ndipo nsalu za anzake zinakhala pachingwe masiku awiri osauma. Lachitatu masana Sizasi anapita ku shopu ya azakhali ake, n'kupeza atapita kukagula ulusi. Sanawadikire. Anayala nsalu ija, anaikapo mapepala a patani, anajambula ndi choko, nadula. Lachinayi pa 6 Juni anali woyamba kukhala pa makina, ndipo anasankha a pazenera amene sankadula ulusi.

Aphunzitsi anatenga chidutswa chimodzi n'kuchifikisa ndi zala. "Iyi sinalawe madzi."

"Ndikuidziwa kale, madamu. Yakhala m'sutikesi zaka zisanu ndi zinayi. Ikanakhala yobwerera bwenzi itabwerera kalekale."

"Sutikesi si beseni, mwanawe."

Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsiwo sanaseke. Anayeza mpata umene mtsikanayo anasiya kunja kwa mzere wa choko, napeza masentimita awiri mbali iliyonse. "Chodulidwa chadulidwa. Koma mvera ichi: ukasoka, mpata uwu usauchepetse. Diresi likadzathina tidzamasula msoko n'kulikulitsa. Khomo lako lotulukira latsala lokhali."

"Ndamva, madamu," anayankha Sizasi, phazi lili kale pa chopondera.

Kusoka ndiye anasoka. Msoko unawongoka ngati wojambula ndi rula, manja a diresi anakhala bwino pamapewa, zipi inabisala yosaoneka. Lachisanu pa 14 Juni mayi ake analiyesa. Chifuwa chawo chinali masentimita 104, diresi linali 108, ndipo linawakhala ngati anabadwa nalo. Anazungulira kawiri pagalasi, naseka kuseka kumene ana awo anali atakuiwala.

Chinthu chimodzi chokha sichinamusangalatse Sizasi. Mayi ake ataima pakhomo, kuwala kunaonetsa mipata ya msoko ija mkati mwa nsalu yoyerayo, ngati mizere iwiri yakuda. Lolemba lotsatira, aphunzitsi ali kutebulo lina, anatenga sizasi n'kuichepetsa yonse mpaka theka la sentimita, monga ankachitira ndi mayunifolomu, naipenderera mwaukhondo. Nsalu yotsala panalibe, pakuti siketi ya diresilo anaidula yotambalala. Tizidutswa tating'ono tomwe tinatsala anatiponya m'dengu la sanza zopukutira mafuta a makina.

Pa 21 Juni diresilo linapeza malikisi 82 pa 100. Aphunzitsi anachotsa khumi chifukwa chosakonza nsalu isanadulidwe, ndipo analemba zimenezo ndi inki yofiira. Komabe palibe wina anafika pa 80.

"Mwaviika, mwayanika, mwasita," Sizasi anauza mnzake uja potuluka. "Nanga wapambana ndani?"

Lachinayi pa 27 Juni mayi ake anachapa diresilo kuti achotse mizere ya choko ndi kadontho ka mafuta pafupi ndi zipi. Anachapa ndi madzi ozizira, mosamala, osafinya n'komwe. Lachisanu m'mawa analisita n'kulivala. Linavuta kudutsa pamapewa. Zipi inakwera mpaka pakati pa msana n'kuima.

"Kokanso pang'ono," anatero mayiwo, atagwira mpweya.

Sizasi anakoka, koma zipi sinasunthe. Anathamangira tepi. Pachifuwa panali 103. M'litali, pamene panali 118, panatsala 112. Zipi yokha ndiyo sinafupike, choncho inapindikapindika pamsana ngati bongololo.

Azakhali ake anafika nthawi ya 10 koloko, tepi ili m'khosi. Anatembenuza diresilo kunja n'kukhala mkati, nayang'ana msoko nthawi yaitali.

"Mpata uli kuti?"

"Ndinadula, azakhali. Unkaonekera. Si mmene timachitira ndi mayunifolomu?"

"Mayunifolomu ndi pulasitiki, mwana iwe! Ili ndi thonje. Unaviika?"

Sizasi anapukusa mutu.

"Unadulira patebulo langa, ndi sizasi yanga, osandifunsa ngakhale liwu limodzi. Kusukuluko sanakuuzeni?"

"Anatiuza."

Azakhaliwo anapumira m'mwamba, natembenukira kwa mayiwo. "Alamu, pomasula palibe. Chimene ndingathe n'kung'amba m'mbali ndi kuikamo nsalu ina yoyera. Koma sindikunamizani, zidzaoneka ngati bandeji."

"Ayi, alamu, lisiyeni," anayankha mayiwo. "Nsalu ya achimwene anu isalowe chigamba isanavalidwe n'komwe."

Sanakalipe. Mtsikanayo anayembekeza mawu okhadzula, ndipo akanawalandira mokondwa, koma sanabwere. Mayi ake anapinda diresilo mwa ndondomeko, manja mkati, nalibwezera m'sutikesi momwe nsalu ija inagona zaka zisanu ndi zinayi. Kenaka anatulutsa diresi lawo la mtundu wa khofi, limene anali atapita nalo m'maukwati a ana a anzawo kwa zaka zisanu, napempha mwana wawo kuti alimbitse batani la pakhosi.

Ukwati unayenda bwino. Pa nthawi yojambula zithunzi mkwati anawerama pafupi ndi mayi ake n'kufunsa motsitsa mawu, "Amayi, nanga nsalu ya ababa ija?"

"Ilipo, mwanangu. Ili pabwino. Yang'ana kutsogolo, akujambula."

Sizasi anali ataima kumbuyo kwawo, ndipo anamva zonse. Pa chithunzi chimene chinapachikidwa pabalaza pambuyo pake, aliyense akumwetulira kupatula iye.

Patapita mlungu umodzi mayi ake anatsegulanso sutikesi ija. "Iwe ndiwe wochepa thupi. Taliyesa, mwina likukwana. Nsalu yabwino isamangogona."

Analiyesa. Zipi inakwera mpaka pakhosi popanda vuto. Linamukwana ndendende, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka koposa zonse. Analivula msanga n'kulipinda monga analipindira mayi ake. Sanalivalenso.

Pepala la malikisi 82 lija analisunga m'buku lake la kusoka, ndipo akalitsegula maso ake sapita pa nambalayo koma pa mzere wofiira uli pansi pake. Dzanja anali nalo, luso anali nalo, aphunzitsi ndi azakhali oti awafunse analipo. Chimene chinasowa ndi beseni la madzi, masiku awiri odikira, ndi khutu. Anasoka chovala chokongola kuposa onse, koma mwini wake analephera kulowamo. Akuluakulu sananame pamene anati: ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.