Namilanzi ndi Lamulo la Michombo

Tcherani khutu, inu ana a m'chigwa cha Lingodzi, ndipo musunge mumtima zimene akuluakulu anatisiyira, pakuti mtundu woiwala misozi yake umadzailiranso kachiwiri.

Makolo athu sanamere pano ngati bowa. Anadza magulumagulu kuchokera kutsidya kwa mtsinje, ena pothawa nkhondo, ena pothawa chilala, ndipo ofika kale ankagawira minda ofika m'mbuyo. M'gulu lotsiriza munali khanda loberekedwa kumsana, lomwe linadzakhala Namilanzi, mwana wa Nasoko, mdzukulu wa Nankhwazi woumba mbiya. Namilanzi anakula nakhala mzamba wa chigwa chonse. Mchombo wa mwana ukagwa, iye ndiye ankaukwirira patsinde pa mtengo banja lisanatuluke m'chikuta, monga anamphunzitsira amake, amenenso anamuuza za michombo ya akale.

Chaka cha dzombe, zakudya zitachepa, nduna ina dzina lake Kamtedza inabwera pabwalo ndi lamulo loti akulu alivomereze: aliyense wosatha kuloza pamene panakwiriridwa mchombo wake aolotsedwe mtsinje, ndipo amithenga alowe m'nyumba iliyonse popanda kuodira, namgwire popanda mlandu. Popeza wodziwa malowo anali Namilanzi yekha, anamuitana kuti akhale mboni.

Mayiyo, ali wokalamba kale, anagwada nawomba m'manja, mtima ukumulemera, pakuti ambiri oti achotsedwewo anabereka ana awo m'manja mwake.

“Inu eni bwalo,” anatero, “ngakhale wakuba mbuzi timamumva tisanamlange. Nanga awa, amene mlandu wawo ndi kubadwa kokha, muwagwira ngati nkhuku?”

“Mayi, sitinakuitanireni kudzaweruza,” anayankha Kamtedza. “Tangolozani mitengo.”

“Ndiloza, bambo, koma ndiyambire pano pomwe. Mchombo wanu suli pamtengo uliwonse. Amayi anu anakuberekerani panjira, mchombo wanu unagwera m'bwato, ndipo amayi anga anauponya m'madzi. Kapena tikafunse ng'ona?”

Anthu anaseka, ndipo Namilanzi anayesa kuti lamulolo lafera pomwepo. Koma Kamtedza anadikira phwete lithe, nafunsa mofatsa: “Nanga wanu uli kuti, mayi?”

“Unatsala kutsidya,” anayankha, pakuti bodza sankalidziwa.

“Mwamva nokha. Mlendo sachitira umboni eni dziko.”

Akulu anaweramitsa mitu, aliyense akulingalira za mchombo wake, navomereza lamulolo. Motero anatseka pakamwa pa mboni yokhayo imene ikanapulumutsa ngakhale obadwira momwemo, ndipo kuyambira tsikulo mlendo anali yense wolozedwa chala. Wosirira dimba la mnzake ankaloza. Wokanidwa ukwati ankaloza. Amithenga anatulutsa akamwini m'nyumba za akazi awo, nachotsa mayi pamtondo chimanga chisanakonoke.

Namilanzi anamuolotsa m'bwato loyamba. Pofika padooko, asanakwere bwatolo, anamasula kathumba komwe munali michombo isanu ndi iwiri ya makanda ogwidwa ali m'chikuta, naikwirira mumchenga ndi zala zake, nanena kuti, “Chauta, awa okha akhale ndi poloza.” Sanabwererenso, ndipo manda ake sadziwika. Chaka chimenecho amayi ambiri a m'chigwa anafera pobereka, wowathandiza atasowa, ndipo mmodzi wa iwo anali mwana wake wa Kamtedza.

Mvula yoyamba itagwa, pamchenga paja panamera mikuyu isanu ndi iwiri, pamalo posamera ngakhale udzu. Ilipo mpaka lero, yonse yoweramira kutsidya, ndipo nkhuyu zake zimagwera m'madzi zisanapse. Anawo sanadze kudzailoza.

Namalenga akudalitseni inu amene mwamva, asunge makomo anu, ndipo chala chanu achigwire chisanaloze mnansi.