Abusa Njiri ndi Mapazi a Bongololo

Ana inu, ndi akuluakulu mukusinza uko, tcherani khutu. Ndikanama pano, mphenzi indimenye ndi chipewa chomwe! Zonsezi ndi zoona.

Kalekale nyama zinali ndi mpingo wawo pansi pa mkuyu. Posankha m'busa zinasankha Njiri, poti paliponse zinkamupeza atagwada, mphuno ili pansi. Zinkati kudzichepetsa kotere sikunaonekepo. Palibe anasuzumira kuti aone chomwe mphunoyo inkachita.

Abusa Njiri anatumikira mokhulupirika zedi. Mbatata za chopereka ankazipempherera okha, atagwada, mpaka dengu kuyera mbee. Chinangwa, atagwada. Maungu, atagwada. Akhristu ankaonda, abusa khosi linasowa.

Chaka china munda wa Mayi Kamba, amasiye okalamba, unakokoloka ndi madzi. Mpingo unagwirizana kuti zopereka za masika zipite kwa iwo. Mayiwo atapita kukakumbutsa, abusa anawalangiza kuti njala ndi kusala kudya komwe, angothokoza. Bongololo anamva zimenezi ali pansi pa benchi.

Linafika tsiku loti m'busa asambitse mapazi a akhristu, madengu a masika ali ndandanda kuseri kwa guwa. Abusa analalikira mpaka thovu kukamwa kuti wamkulu akhale kapolo. Kenako analumbira kuti sadzuka, salawa kanthu, mpaka atatsuka phazi lililonse la wamng'ono pa onse. Ponena izi n'kuti diso lili pa Timba, kambalame ka miyendo iwiri.

Pansi pa benchi panamveka kwakwata, kwakwata.

"Wamng'ono ndine, abusa," anatero Bongololo. "Pepani fumbili, ndachokera kutali."

Abusa anayang'ana mapaziwo, anayang'ana mpingo, n'kugwada ndi beseni ndi sopo. Tsuku, tsuku, tsuku.

"Aka mwakadumpha, abusa."

Tsuku, tsuku. Atangomaliza mbali imodzi, Bongololo anadzipinda m'fumbi pothokoza Mulungu, mapazi onse bii. Abusa anayambiranso.

Apo amayi a mumpingo anasenza madengu aja, n'kudutsa nawo pamphuno penipeni pa abusa, akuimba nyimbo, ulendo kwa Mayi Kamba. Mbatata zinapita. Chinangwa chinapita. Mimba ya abusa inati guu, ndipo ananong'oneza kuti bwanji otsalawo atsuke mawa.

"Mwalumbira pamaso pa mpingo, abusa," anayankha Bongololo, akutambasula kaphazi kena. "Ndine yani ine kuti ndikudulireni madalitso?"

Dzuwa linapendeka, madengu anabwerera opanda kanthu, abusa akadali pakati pa Bongololo. Mayi Kamba anadya mpaka masika ena. Njiri mawondo anachita zikang'a, ndipo mpaka lero amayenda chogwada, kufwenkha mbatata zake zija.

Nthano yanga yagona pompa. Mukaona mtsogoleri wagwada musafulumire kuwomba m'manja, yambani mwasuzumira pansi pa mphuno.

Za sopo zokhazo ndangowonjezera. Sopoyo akanakhalapo, abusa akanamudya.