Gologolo Akwirira Mawu a Mayeso

Gologolo ndi Nungu anamaliza limodzi digiri yoyamba ku sukulu ya m'nkhalango, ndipo onse awiri ankafuna kupitiriza maphunziro. Koma kuti alowe sukulu yapamwamba, anayenera kukhoza mayeso a mawu ovuta mazana atatu. Anagwirizana zolemba mawuwo pa masamba a mkuyu, mawu kutsogolo, tanthauzo kumbuyo, n'kumawasunga m'dengu limodzi.

Tsono Gologolo anali waumbombo, komanso mantha a mayeso anamugwira zedi. Mawu akawaloweza m'mawa, pofika masana athawa. Chakudya chinaleka kumukoma, ubweya wa kumchira n'kuyamba kuthothoka. Akaona Nungu akuloweza mosavuta, mtima unkamuwawa, moti tsiku lililonse ankaba masamba khumi a mawu ovutitsitsa n'kukawakwirira pansi, monga amachitira ndi mtedza, kuti adzawerenge yekha.

Kutatsala masiku anayi, anapita kukafukula. Nanga anakwirira pati? Anakumba patsinde pa msuku, pachulu, kuseri kwa mwala, mpaka thengo lonse maenje okhaokha. M'dzenje limodzi lokha lomwe analipeza, chiswe chinali chitadya kale masamba onse.

Nungu anamupeza atakhala m'fumbi, akulira.

"Aise, mwayamba ulimi wa mbatata nthawi ya mayeso ino?" anatero Nungu.

"Achemwali, ndakulakwirani. Masamba aja ndinkaba ndine. Ndilangeni basi."

Nungu anaseka mpaka minga yake yonse inagwedezeka. "Ndinkakuonanitu, mutu m'dzenje, mchira uli panja! Ine ndinkangopita kudambo kukafunsa aphunzitsi Kakowa, iwo n'kumandifotokozera ndi zitsanzo zomwe. Mawu onse ali m'mutu muno. Dzukani, chilango ndikupatsani tikuwerenga."

Masiku anayi aja anayenda m'nkhalango akufunsana mokweza. Gologolo akaphonya tanthauzo, Nungu ankamubaya pang'ono kumbuyo ndi munga.

"Mayo ine!"

"Tanthauzo lake si limenelo, yesaninso."

Anyani m'mitengo ankafa nacho chiseko, ena mpaka kumayankha nawo. Nayenso Gologolo anayamba kuseka, ndipo mawu anayamba kukhazikika.

Zotsatira zitatuluka, Nungu anali wachiwiri. Gologolo anali womaliza weniweni pa opambana, koma anapambana ndithu. Anavina tsiku lonse osapuma, paja kukhala pansi kunali kosatheka.

Phunziro: Ukamubisira mnzako nzeru, woyamba kuzisowa ndiwe wemwe. Amene tinachitapo zoterezi tikudziwa kuti kuulula kumachititsa manyazi kanthawi kochepa, koma ukaulula msanga, amene unamulakwira uja akhoza kukhala wokudzutsa.