Mita Imodzi, Makomo Anayi

Panali munthu wina ku Mbayani amene anamanga nyumba zitatu za lendi kuseri kwa nyumba yake. Makomo onse anayi ankagwiritsa ntchito mita imodzi ya magetsi, yamakono ija yothira mayunitsi. Pamitapo panali kagetsi kofiira. Magetsi akamayenda pang'ono, kankaphethira mwa apo ndi apo. Akamadyedwa kwambiri, kankaphethira ngati diso lolowa chitsotso.

Mwini nyumbayu anali munthu wodzikhulupirira, wa mtundu uja wosafunsa njira ngakhale atasochera. Lamulo lake linali limodzi: m'nyumba za lendi musapezeke hotipuleti. Aliyense aziphika pa mbaula.

Chaka china mayunitsi anayamba kutha msanga. Akathira lero, sabata isanathe mita yayamba kale kulira. Mkuluyu ankaima pamitapo manja ali kumbuyo, kuyang'ana kagetsi kaja kakuphethira mosapuma. Zinkamuwawa kwambiri. Mumtima anati, pano pali wakuba.

Sanavutike kumupeza. Khomo lakumapeto kunkakhala mayi wamasiye, Nangozo, ndi ana ake awiri apasukulu. Pakhomo pa mayiyu sipankaoneka mbaula, sipankafuka utsi, koma ana anali osalala matupi. Kwa mwini nyumba, mlandu unathera pomwepo.

"Mayi Nangozo, hotipuleti mukubisa pansi pa bedi ija yandikwana."

"Bambo, hotipuleti ine ndiitenga kuti? Ndimatsuka mbale mulesitilanti kumsika, zotsala ndi zomwe anawa amadya. Lowani musechemo nokha."

"Ndiseche chiyani? Mita sinama. Mwezi ukatha mundipatse makiyi anga."

Zoonadi, mita sinama. Koma mita sitchula dzina la munthu. Dzina analitchula ndi iyeyo.

Mayi uja anagwada, napepesa mlandu umene sanapalamule. Anatuma anthu kukamupepesera. Mkuluyu anakana kwamtuwagalu. Mwezi utatha, mayi anapinda mphasa, nasenza zidebe, ana ali pambuyo.

Mwini nyumba anatseka chitseko cha nyumba yopanda anthu ija n'kupita pamita akumwetulira. Kagetsi kanali kuphethirabe monga kale. Anapempha a khomo lachiwiri kuti azimitse zonse. Sikanasinthe. A khomo lachitatu nawo anazimitsa, koma kagetsi osapuma ayi.

Panatsala khomo limodzi. Anazungulira bwalo, anakhosomola, anayang'ananso mita ngati ingasinthe maganizo. Kenako analowa m'nyumba mwake. Anazimitsa wailesi, anazimitsa mababu, n'kufika pakona pamene panali filiji yakale. Mphira wa chitseko chake unatha kalekale, motero filijiyo inkangolira osapuma. Anazula chingwe chake kukhoma. Nyumba yonse inangoti zii. Apa m'pamene anazindikira kuti m'nyumba mwake munali phokoso, ndipo makutu ake anali atalizolowera.

Atatuluka, kagetsi kanaphethira kamodzi n'kupuma.

Anachita manyazi, ndipo timuyamikire pa chimenecho, chifukwa ena ngakhale manyazi sawadziwa. Anathamangira kumsika kukafunsa za Nangozo. Mulesitilanti anamuuza kuti mayiyo anasowa nyumba ina yoti angaikwanitse, ndiye anasiya ntchito n'kubwerera kwawo ku Neno. Ana anasiyira sukulu pakati pa teremu. Mwini nyumba uja filiji anaikonzetsa mawa lake lomwe. Ana aja sanabwererenso.

Ndikunena ndi inu, akuluampingo anzanga, amene mukhale pansi masana ano kuweruza mlandu wa mnzathu. Kuti mumpingo muno zinthu sizikuyenda, mwaona bwino, ine sinditsutsa. Chimene ndikukana ndi liwiro lanu lothamangira khomo la munthu wopanda womuyankhulira. Yambani mwazimitsa zakwanu, chimodzichimodzi, muone ngati vuto lipitirire. Phokoso la m'nyumba mwanu simulimva chifukwa mumagona nalo ndi kudzuka nalo. Chitani zimenezi musanalankhule. Munthu amene mumuchotse lero, mukadzazindikira kuti munalakwa, simudzamupeza pamene munamusiya.