Galimoto ya a Makwinja ndi Maso a Nkhono

Ana inu, akuluakulu a kwina adzakuuzani kuti mwambi wa lerowu ndi wakale ngati phiri la Mulanje. Sindikuwatsutsa. Koma ife a ku Luchenza tili ndi mbiri yathuyathu ya kumene unachokera, ndipo mbiriyo imanunkha petulo.

Kunali bambo wina dzina lake Yotamu Makwinja, wowotcherera zitsulo, amene ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo pafupi ndi njanji. Anali munthu wofatsa, wosamwa, wosasuta. Mowa wake unali galimoto basi. Akali mnyamata anagula kagalimoto kakale ka zitseko ziwiri, kamene mwini wake anakasiya pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo. A Makwinja anakakokera kunyumba, ndipo kwa zaka zambiri ankakasintha pang'onopang'ono. Anachotsa injini n'kuikamo yaikulu. Anawonjezera tebo, chipangizo chopopera mpweya mu injini kuti izikoka mwamphamvu. Anaitsitsa galimotoyo mpaka mimba yake inkangotsala pang'ono kukhudza phula. Mipando yakumbuyo anaizula, n'kuwotchereramo mapaipi oteteza munthu ngati itagubuduzika. Kenaka anaipenta mtundu wa lalanje lakupsa. Ikalira m'mawa, agalu a ku Chonde ankayankha.

Mkazi wawo, Dolofina, anali telala wa mayunifolomu a sukulu. Iye ankangoseka anthu akamati ali pamitala ndi galimoto. Banjali linakhala nthawi yaitali lopanda mwana, koma chaka china Dolofina anaima, ndipo tsiku lina anabwera kuchokera ku sikelo akumwetulira yekha. Anapeza mwamuna wake atagona chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ili kunja.

"A Makwinja, tulukani mumve."

"Nenani, mayi, ndikumva."

"Iyi si nkhani youza mapazi. Anamwino akuti muli awiri."

A Makwinja anadzuka mwaphuma mpaka anagunda mutu pa chitsulo. Anatuluka atagwira pamphumi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, navina mozungulira galimoto ndi sipanala m'manja. Atatopa anakhala pansi. Anayang'ana mkazi wawo, kenaka anayang'ana mipando iwiri ya m'galimotomo.

"Nanga anawo tidzawaika pati?" anafunsa Dolofina mofatsa. "Pa boneti?"

"Musanene zambiri, mayi. Ndiigulitsa."

Mbiri itamveka, kunabwera dobadoba wina, mwa anthu aja amene amapezera anzawo ogula n'kudyapo. Anaizungulira galimotoyo akupukusa mutu.

"Akuluakulu, izi mwaikamozi n'zokoma kwa inu nokha. Wogula safuna maloto a munthu wina. Tiyeni tiiphwasule, injini igulidwe payokha, matayala paokha, zotsalazo apite nazo a zitsulo."

A Makwinja anamva ngati wina wawauza kuti aphe ng'ombe yawo ya mkaka. Anamuthokoza munthuyo mwaulemu, n'kunena kuti adzagulitsa okha, kwa munthu amene adzamuone ndi maso awo. Anaitsuka galimoto, anaijambula mbali zonse, natumiza zithunzizo m'magulu a pa foni.

Anthu anabweradi, koma anali anthu a mtundu wanji! Wina anafunsa ngati ingasenze matumba a feteleza. Wina ankafuna kuisandutsa takisi, ndipo ataona kuti kumbuyo kulibe mipando anafunsa ngati okwera angamagwire mapaipiwo. Anyamata ambiri ankangodzajambulitsa atatsamira chitseko, kenaka n'kunena kuti akaganiza kaye. A Makwinja nawo sankabisa kanthu. Ankauza aliyense kuti galimotoyi imamwa mafuta ngati ngamila, imadana ndi mahampu, ndipo m'mawa imafuna kuisiya ilire pang'onopang'ono mpaka itenthe. Ogula akamva zimenezo ankatsanzika msanga.

Miyezi inapita, mimba ya Dolofina inakula mpaka kulowa m'kagalimoto kotsikako kunasanduka ntchito ya anthu awiri. Tsiku lina a Makwinja anatenga foni kuti amuitane dobadoba uja. Dolofina anaimitsa makina osokera.

"Mukuimbira ndani?"

"Nthawi yatha, mayi. Angoiphwasula basi."

"Inu munaimanga zaka zonsezi osathamanga. Lero mukufuna kuitaya ngati nthochi zakupsa? Mwini wake alipo, sanafike chabe. Ine ndikadali ndi mphamvu, ikani foniyo."

A Makwinja anaiika foniyo.

Loweruka lina kunacha ndi chiperoni. Chifunga chinakuta mudzi wonse, kamvula kakuwaza, moti munthu sankaona ngakhale mpanda wa mnzake. M'mawa umenewo panafika alendo awiri. Woyamba anali Sitanile Chimwaza, mnyamata wa malonda a mafoni ku Limbe, amene anali ataimba kangapo kuti akubwera kudzatenga galimotoyo tsiku lomwelo. Anavala magalasi akuda ngakhale dzuwa kunalibe. Wachiwiri anali mayi wachikulire, wa imvi, wovala juzi ndi chitenje, amene anatsika m'chigalimoto chachikulu choyera cha mizere itatu ya mipando. A Makwinja anaganiza kuti mayiyu wadzera geti.

"Amayi, pepani, za mageti tikambirana ndikathana ndi achimwenewa."

"Palibe kanthu, mwanangu. Ine ndine Mayi Khoromana a ku Bvumbwe. Ndidikira."

Chimwaza analowa m'galimoto, analiza injini, ndipo nthawi yomweyo anaponda mafuta mpaka nkhuku zinabalalika.

"Pang'onopang'ono, achimwene, ikadali yozizira," anatero a Makwinja.

"Ine ndilibe nthawi, bwana. Tiyeni tikaiyese pamsewu. Koma chifunga chonsechi, nyali zake zili kuti? Kutsogoloku ndikungoona chitsulo chosalala."

A Makwinja anafotokoza kuti galimoto za mtundu umenewu nyali zake zimabisala pansi pa tizivindikiro tiwiri, ndipo zimatuluka zokha munthu akatembenuza kabatani. Anawonjezera kuti kukazizira chotere zimachedwa, zimayamba zadikira kuti injini itenthe. Chimwaza anatembenuza kabataniko. Palibe chinachitika. Anatembenuzanso uku ndi uku, kenaka anatuluka n'kumenya kachivindikiro kamodzi ndi chikhatho. Kachivindikiroko kanali katayamba kutukuka pang'ono, koma katamenyedwa kanabwerera pansi n'kutsekeka.

"Aaa, galimoto yakhungu iyi! Mwandiyendetsa ulendo wonsewu kudzaona chinthu chopanda maso?"

Anaponya makiyi pampando, n'kuzimirira m'chifungamo. A Makwinja anatola makiyiwo. Munthu amene ankamudalira anali atapita.

"Mwanangu," anatero Mayi Khoromana, "tailizeninso. Koma muisiye yokha, musaiponde."

A Makwinja anadabwa, koma anachita zomwezo. Anatembenuza kabatani kamodzi kokha, n'kutuluka. Mayiyo anapempha mpando, anauika kutsogolo kwa galimoto, nakhala atapinda manja. Dolofina anabweretsa tiyi ndi mbatata yootcha. Mayi Khoromana ankamwa mosafulumira, khutu lili ku injini, imene poyamba inkatsokomola koma kenaka inayamba kulira mosalala ngati mphaka wokhuta. A Makwinja ankangosinthasintha miyendo, akufuna kupepesa. Mayiyo anakweza chala kuti akhale chete.

Tiyi ali pafupi kutha, kachivindikiro ka kumanzere kananjenjemera. Kanatukuka pang'onopang'ono, kanzake n'kutsatira, ndipo pansi pake panasuzumira nyali ziwiri zozungulira. Zinaima chilili pamwamba pa boneti, kenaka zinayaka ngwee, kuwala kwake n'kuboola chifunga mpaka pa mpanda.

Mayi Khoromana anaomba m'manja ngati kamtsikana.

"Taonani! Ndendende nkhono! Ukaigogoda imabisala, ukaisiya imatulutsa maso yokha. Bwera kuno, mwanawe, wandiona tsopano?"

"Kodi amayi, simunadzere geti?" anafunsa a Makwinja.

"Geti ndili nalo. Ndinaona zithunzi pa foni ya mdzukulu wanga. Bweretsani makiyi."

A Makwinja anakhala pampando wa wokwera ali ndi mantha kuti mayiyu akaigwetsera mu ngalande. Koma iye anamanga lamba, anakonza kalilole, n'kuitulutsa pachipata osakhudza ngakhale tsamba. Pa hampu anaidutsitsa chopingasa, mimba yake osakhula pansi. Atafika pamsewu wa phula chifunga chinali chitayamba kuyera, ndipo pamalo owongoka mayiyo anasintha magiya mofewa, tebo inaimba mluzu, minda ya tiyi n'kumathawira kumbuyo. A Makwinja anagwira chitseko ndi manja onse awiri. Anali asanaimvepo galimoto yawoyo ikuimba chotero.

"Amayi, munaphunzira kuti zimenezi?"

"Ndinayendetsa ambulansi mpaka kupuma ntchito, mwanangu. Moyo wanga wonse ndinkathamangira anthu ena, mtima uli phaphapha. Ana ndalera, akula, apita. Chigalimoto changa chija ndimayendamo ndekha ngati nyemba m'chitini. Tsopano ndikufuna galimoto yoti ndiziyendetsa ndikuseka."

Atabwerera anapeza Dolofina atatsegula chitseko cha chigalimoto choyera chija, atakhala pampando wapakati, miyendo atatambasula bwinobwino.

"A Makwinja," anaitana, "muno ndiye mukulowa mpweya!"

Onse atatu anaseka, ndipo nkhani inatha isanayambe n'komwe. Anagwirizana zosinthana magalimoto, mayiyo n'kuwonjezerapo ndalama zimene zinakondweretsa mbali zonse. Lolemba anapitira limodzi kukasintha maina a umwini. Posiyana a Makwinja anasisita boneti ya lalanje ija, misozi ili lengelenge, koma Mayi Khoromana anawauza kuti makaniko wake adzakhala iwowo, ndipo aziiona mpaka kutopa nayo.

Mapasa anabadwa bwino, mwamuna ndi mkazi. Tsiku lotuluka m'chipatala anakwera chigalimoto choyera pamodzi ndi agogo awo, azakhali, mabeseni ndi mabulangete, malo n'kutsalabe. Kutsogolo kwawo kunkayenda galimoto ya lalanje, nyali zili tong'o masana, Mayi Khoromana akuliza hutala kuti Luchenza yense adziwe. Anthu atasonkhana kudzaona ana, wina anafunsa a Makwinja kuti zinatheka bwanji kupeza wogula galimoto yovuta ngati imene ija. Iwo anayang'ana mkazi wawo, n'kuyankha kuti, "Abale, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawuwo anayenda, ndipo mpaka lero timawanena. Tanthauzo lake ndi ili, ana inu: pali zinthu zimene sizibwera chifukwa chozikakamiza. Nkhono ukaigogoda kuti ituluke msanga, m'pamene imalowa m'kati kwambiri, koma ukakhala phee imatulutsa maso yokha. Chimwaza anasiya galimoto yabwino chifukwa cha phuma, ndipo a Makwinja nawo akanamvera phuma lawo akanagulitsa zidutswa. Tsono mukadzafuna chinthu chabwino, kaya ndi luso, kaya ndi bwenzi, kaya ndi malonda, chitani mbali yanu mokhulupirika, kenaka kokani mpando mukhale pansi.