Mkamwini Bakha ndi Timasamba ta Padziwe

Kalekale, nyama zikadayankhula, panali bakha wamkazi dzina lake Nankhoma. Tili limodzi, eti? Nankhoma anali ndi dziwe limene anamusiyira amayi ake. Pamwamba pa dziwelo pankayandama timasamba tobiriwira, tating'ono ngati mawere. Ukadya lero, mawa tadzazanso.

Mwamuna wake, Chidzanja, anabwera chikamwini. Anali bakha wa nthenga zoyera mbee, wodzimva ngati dziko ndi lake. Anabereka ana asanu ndi awiri, ndipo onsewo chakudya chawo chinali timasambato.

Padziwepo pankabwera anansi awiri. Mvuu inkafika m'mawa n'kumwaza ndowe zake ndi mchira. Nkhanu inkakumba mauna m'gombe la katondo, ndipo m'maunamo munkatuluka madzi ofiira ngati dzimbiri.

Tsiku lina Chidzanja anati dziwe si chimbudzi, n'kuthamangitsa Mvuu ndi mawu achipongwe. Nankhoma anamuuza kuti amayi ake sanathamangitsepo Mvuu. Iye anati akazi sadziwa ukhondo. Madzi anayeradi. Koma timasamba tinasiya kuswana, tinafwifwa, mizu yokha n'kumatalika ngati ikufunafuna chakudya pansi. Ana anayamba kulira njala. Nankhoma mtima unamuwawa, koma anasenza mtolo wa msipu n'kupita kukapepesa kwa Mvuu.

Pobwera anapeza chiyani? Mwamuna uja ali kalikiliki kumata mauna a Nkhanu ndi matope, ati madzi ofiira akumudetsera nthenga. Nthenga, anthuni! Ana ali ndi njala, bambo akudandaula nthenga! Mvuu inabwerera, timasamba tinayambanso kuswana, koma tatsopano tonse tinkatuluka tachikasu, kenako toyera, topanda mphamvu. Ana akadya, mimba pepuu.

Nankhoma anati, “Bambo a ana, tsegulani mauna aja. Ndatopa nanu.”

Kodi anamva? Kumva kwake kuti! Anati vuto ndi kuchepa kwa ndowe. Yemwe uja ankanyansidwa ndi mvuu imodzi anapita kukaitana mvuu khumi. Zinamwaza, zinamwaza, zinamwazanso. Madzi anada bii, fungo lake ngakhale ntchentche zinkalambalala. Timasamba tinapserera n'kumira. Pa tsiku lachitatu, mwana wotsiriza, kamwana kofooka kale, anafa.

Nankhoma anamuika m'bango. Chidzanja, m'malo mokhala chete pamaliro, anati madziwo ndi abwinobwino, akungooneka oipa ndi maso. Pofuna kuti onse aone, anaviika mlomo n'kumwa, n'kumwanso. Madziwo anamuotcha kukhosi mpaka misozi.

Mkaziyo sanamuyang'ane n'komwe. Anauza mvuu khumi zija kuti zizipita kwawo, kutsale Mvuu yakale yokha, kenako anapita kwa Nkhanu, imene inali itasamukira kumtunda kwa mtsinje. Anagwada n'kupepesa.

Nkhanu inati, “Mwanawe, amayi ako ankadziwa. Timasamba timeneti timadya pawiri: ndowe pang'ono, madzi ofiira pang'ono. Chimodzi chikasowa, chinacho ngakhale uthire ngolo, sichilowa m'malo mwake.”

Nkhanu inabwerera n'kufukula mauna ake. Mvula inagwa n'kutsuka dziwe. Timasamba tochepa timene tinatsalira m'bango tinayamba kubiriwira, tiwiri n'kukhala tinayi, tinayi n'kukhala tisanu ndi titatu, mpaka dziwe lonse linaphimbika. Ana asanu ndi mmodzi anapulumuka.

Pamenepo Nankhoma anaitana mwamuna wake, ana ali pomwepo.

“A Chidzanja, dziwe lino munalipeza lodzaza. Mwalikonza katatu, ndipo mwana wanga ali m'bango. Ngati manja akukuyabwanibe, kwanu kulinso dziwe. Nyamukani.”

Chidzanja anatsegula mlomo kuti ayankhe, pakuti iye sankasowa choyankha. Koma kukhosi kunali kutapsa. Chimene chinatuluka ndi mpweya wokha, fuu, fuu. Anayesanso, fuu. Ananyamuka akupeperuka, ndipo palibe anamuperekeza.

Mpaka lero bakha wamphongo amangofuuza, mawu alibe. Inu mukafika pamalo n'kupeza zinthu zikuyenda, yambani mwafunsa chimene chikuziyendetsa musanachotse kanthu, pakuti safunsa anadya phula. Yanga yathera pompa. Thamangani mukandiphulire mbatata isanapserere.