Kadzenje pa Injini ya a Jawadu

Tsiku lina anthu atabalalika pa swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, a Jawadu anafika pa mzikiti wina wa ku Ntaja akukankha njinga yawo yamoto. Inali njinga yakalekale, ya mtundu womwe amakaniko a masiku ano amangoupukusira mutu, koma yopukutidwa mpaka kuwala. Munthu wokhala yekha amapukuta zinthu, nanga atani.

A Jawadu anali katswiri wa zitsulo, komanso munthu wouma mutu. Mkazi wawo, Abiti Salimu, anamwalira dzinja lapitalo. Tsiku limene matenda anakula iwo anali kumsika, ndiye mwana wawo mmodzi yekhayo, Yahaya, ananyamula amayi ake pa njingayo kuthamangira nawo kuchipatala. Powoloka khwawa la mchenga anagwa, chivundikiro cha injini chinagunda mwala n'kulowa m'kati. Amayiwo sanavulale, ndipo kuchipatala anafika, koma matenda anali atapita kale patali.

Pochokera kumanda misozi inawakanika a Jawadu, m'malo mwake munatuluka mkwiyo. Analoza kadzenje ka pa injini pamaso pa anthu n'kumuuza mwana wawo kuti, "Iwe chilichonse chimene wagwira umaononga." Yahaya anamva kumene mawuwo ankaloza. Ananyamula chikwama chake n'kupita ku Liwonde, osabweranso. Tsopano kunamveka kuti Lachisanu likubwerali akwera basi ya ku Joni, ndipo amene amapita kumeneko ndi mtima wosweka sabwerako msanga.

Pakhonde pa mzikitipo panali Shehe Aufi, mphunzitsi wokalamba amene anaphunzitsa theka la mudziwo kuwerenga Qur'an. Anali atakhala pamkeka akusoka chikuto cha buku.

"Assalamu alaikum, Shehe," anatero a Jawadu.

"Wa alaikum salaam, a Jawadu. Mwasowa pamzere wathu wa swala. Khalani pansi."

"Sindikhalitsa. Ndabwera ndi kafunso ka malamulo. Njingayi ndikufuna kuigulitsa. Ndikamata apa pamene panalowa m'katipa, n'kupaka penti, wogulayo osamuuza, kodi ndalakwa? Injiniyo ikuyenda bwinobwino."

Shehe anaika buku pambali, anadzuka movutikira, n'kukagwada pafupi ndi njingayo. Anasisita kadzenjeko ndi chala. Nkhani yake ankaidziwa, pajatu kumanda kuja analiko.

"Yankho lake n'lalifupi, ndipo mukulidziwa kale," anatero Shehe. "Chilema cha malonda sitibisa. Koma pepani, ine pa za njinga ndine mbuli yeniyeni. Tandiphunzitsani. Mukamata choncho, ndiye kuti chakonzeka?"

A Jawadu anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wafunsidwa za ntchito yake. "Ayi, Shehe. Zomata sizikhalitsa. Injini ikatentha zimang'aluka n'kugwa, dzenje lija n'kuonekeranso."

"Nanga kukonza kwenikweni n'kotani?"

"Mumakhetsa oilo, kumasula mabawuti, n'kuchotsa chivundikiro chonsecho. Kenako mumamenyera m'kati. Kunja simungawongole, ngakhale mutamenya tsiku lonse."

"Kumenya mwamphamvu?"

"Ayi ndithu. Chitsulo ichi sichichedwa kusweka. Mumayamba mwachitenthetsa, n'kumagogoda pang'onopang'ono."

"Ndaphunzira lero," anatero Shehe. "Koma ndikhululukireni funso lina. Inu mukudziwa zonsezi, nyundo muli nayo, manja muli nawo. Chakuletsani kuwongola n'chiyani nthawi yonseyi?"

A Jawadu anayang'ana pansi. Anali atayesapo kamodzi, masana ena, ali okha kuseri kwa nyumba. Chivundikirocho chinkangoterereka pathabwa, mpaka anachibwezera momwemo n'kukhala pansi osadya tsiku limenelo.

"Pamafunika anthu awiri," anayankha motsitsa mawu. "Wina agwire pathabwa n'kumatembenuza, wina azigogoda. Ukakhala wekha chimathawa."

"Kale ankakugwirirani ndani?"

Ana a madrasa anali atapita kwawo, pabwalo pali zii, kupatula nkhunda zimene zinkatola zinyenyeswa pafupi ndi chitsime.

"Yahaya," anatero a Jawadu. "Kuyambira ali wamng'ono. Ankadziwa potembenuzira ndisanamuuze."

Atatchula dzinalo, zina zonse zinatuluka zokha. "Shehe, ndatopa. M'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko, choyamba kuona ndi kadzenje aka. Ndikafulula tiyi ndimapezeka ndatulutsa makapu atatu, awiri n'kubwezeranso. M'nyumba muja mawu a munthu sindikuwamvanso, ngakhale anga omwe. Kumzikiti ndinasiya kubwera chifukwa aliyense amene anandimva tsiku lija amandiyang'ana. Ndimati njingayi ikachoka, mwina ndipumula."

"Kodi mumakhulupirira kuti mwana wanu ndiye anapha amayi ake?" anafunsa Shehe mofatsa.

"Ayi. Nthawi ya munthu ili m'manja mwa Allah, ndikudziwa. Kungoti tsiku limenelo panalibe wina woti ndimukalipire." Apa misozi imene inakanika kumanda ija inabwera, ndipo a Jawadu sanaipukute.

Shehe anawasiya alire. Kenako anagwira chiwongolero cha njingayo n'kuitembenuza okha, ndi mphamvu zawo zochepazo, mpaka inayang'ana kumsewu.

"A Jawadu," anatero, "mwala unapinda chitsulo, koma mwana munamupinda ndinu. Kugulitsa njingayi ndi kumata kuja mwanena: mtima ukadzatentha zidzagwa, ndipo Yahaya adzakhala ali kutali. Mwandiphunzitsa nokha kuti zotere timawongolera m'kati, mofatsa, ndiponso kuti munthu mmodzi sangathe. Mwati injini ikuyenda bwino. Ikwereni, Lachisanu lisanafike. Mukakafika musakamuuze kuti mwamukhululukira, chifukwa mwana amene ananyamula amayi ake sanalakwe kanthu. Mukamuuze kuti munalakwa ndinu, kuti mwayesa nokha mwalephera, abwere adzakugwirireni."